Tchaina ya a Gideoni

Kwa Mtalanje, m'mapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, munthu wachangu sankapereka moni kwa a Gideoni Kwenda. Ankazemba, n'kudzera kuseri kwa nkhokwe. Osati kuti anali munthu woipa, ayi ndithu. Vuto linali loti ukangoti, "Mwadzuka bwanji, a Kwenda?" iwo ankayankha bwinobwino ngati munthu wina aliyense, koma usanasunthe phazi unkapezeka uli ku Tchaina.

Ukadandaula za mvula, ankati kwa a Sheni mvula saidandaula, amaisunga. Ukawauza kuti mbuzi yako yaswa mapasa, ankakuyamikira, kenaka n'kukudziwitsa kuti kwa a Sheni mbuzi n'zochepa chifukwa sizikhazikika m'bwato. Kutchalitchi akapatsidwa pemphero lotsekera, anthu ankatsinzina diso limodzi lokha, poti Sabata lina anapempherera odwala, amasiye ndi atsogoleri, kenaka anapempherera milatho makumi atatu ndi isanu ndi umodzi ya kwa a Sheni kuti isakokoloke. Mpingo unati ameni mokayika.

Chodabwitsa n'chakuti ku Tchainako sanapondeko. Ulendo wautali koposa pa moyo wawo unathera ku Nkhotakota.

Nkhani inayamba chonchi. Dziko litangolandira ufulu, a Gideoni, akadali mnyamata wa kwa Chezi, anatsikira kuchigwa ku Nkhotakota kukafuna ntchito kusikimu ya mpunga, kumene akatswiri achitchaina ochokera pachilumba cha Taiwani ankaphunzitsa alimi. Anawalemba ntchito yophikira mmodzi mwa akatswiriwo, bambo woonda, wa mawu ochepa, dzina lake Sheni. A Sheniwo sanabadwire pachilumbapo. Kwawo kwenikweni kunali ku Tchaina yaikulu ya kumtunda, m'tauni yaing'ono ya m'madambo imene anaisiya ali achichepere pothawa nkhondo, ndipo njira yobwerera inali itatsekeka. Masana aliwonse akatha kudya, ankatola kamtengo n'kujambula kwawoko pansi: apa ngalande yaikulu, apa msika wa m'mabwato, apa nyumba ya amayi awo, apa mlatho umene anagwerapo ali ndi zaka zisanu. Ankafotokoza m'Chingelezi chothyoka ndi Chichewa chothyoka kuposa pamenepo, wophika ali chiimire ndi mbale m'manja. Zinatero zaka zitatu. A Sheni atachoka, tauni yonse inatsala m'mutu mwa wophika.

Dzina lenileni la tauniyo a Gideoni ankalitchula ndithu, koma palibe lilime la kwa Mtalanje limene linaligwira. Anthu ankangoti kwa a Sheni, monga momwe timatchulira mudzi uliwonse ndi dzina la mwini wake.

Kwa Mtalanje anafikako ngati mkamwini. Anakwatira Lenia, amene onse ankamutchula Nankhoma, mkazi wa manja achangu ndi pakamwa pofulumira. Tsono mkamwini alibe pake. Amalima pamene akuchikazi amulozera, ndipo amakhala pamudzi malinga ngati mkazi wake ali moyo. Wolozayo anali mlongo wake wa Lenia, a Yeremiya, mwinimbumba, mlimi wa fodya wotchuka mpaka ku Mponela. A Yeremiya sanakondwe ndi mlamu amene ntchito yake inali kuphikira mwamuna mnzake. Tsiku logawa munda anatenga mkamwiniyo, anthu akutsatira, n'kupita naye kumunsi kwa mudzi, kudambo la bango ndi misundu kumene ng'ombe zinkatitimira.

"Alamu, munda wanu ndi uwo. Poti za madzi mumazidziwa."

Anthu anaphimba kukamwa. A Gideoni anavula nsapato, n'kulowa m'matope mpaka m'mawondo. Anatapa ndi dzanja, ananunkhiza, n'kutembenuka misozi ili lengelenge.

"Alamu, zonsezi mwandipatsa ine ndekha?"

"Zonse. Ndi achule omwe."

"Mwanena pamaso pa anthu?"

"Pamaso pa anthu."

Mawu amenewo a Yeremiya anakhala akuwadandaula zaka zoposa makumi awiri.

A Gideoni anadula chitini cha palafini pakati, n'kuchimangirira kunsungwi yaitali. Ndi chimenecho ankatapa matope pansi pa madzi n'kuwaunjika pambali. Pamene atapa pankasanduka ngalande, pamene aunjika pankasanduka munda. Kumunsi anamanga khoma la dothi kuti madzi asathawe. Wodutsa akaima kuti aseke, ankamupatsa phunziro laulere.

"Makolo a kwa a Sheni anayamba chonchi, zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo. Anali othawa nkhondo. Eni dziko anawapatsa malo amene aliyense anawakana, monga andichitira alamu angawa. Nthaka analibe, ndiye anaiumba okha. Kumeneko munthu sasiyira mwana wake ng'ombe. Amamusiyira chotapira matope."

"Nanga amadya matopewo?"

"Amadya! Matope amabala mpunga. Mpunga wotayika umadyetsa abakha. Zitosi za abakha zimanenepetsa matope. Bango la m'mbali amalukira mphasa, nkhanu zimangobwera zokha, ndipo zonsezo zimapita kumsika pabwato. Chaka ndi chaka amatapa matope atsopano. Ukangolumpha zaka ziwiri, dambo limatenga zake."

Patatha zaka zitatu, m'dambo la misundu muja munali tizilumba tisanu ndi tiwiri. Mu Okutobala, mapiri onse atauma gwa, pamenepo panali pobiriwira ngati pagwa mvula ya payokha: mpiru, anyezi, kabichi, chimanga chachiwisi, kumunsi kuli kampunga, abakha akuyandama m'ngalande ngati eni mudzi. Anthu anayamba kutchula malowo kuti ku Tchaina, poyamba monyoza, kenaka chifukwa linali dzina basi.

Tizilumbato analumikiza ndi milatho isanu ndi iwiri ya mitengo ya bulugamu, ndipo uliwonse anaupatsa dzina la mlatho wa kwa a Sheni. Panali Mlatho wa Mkazi Wamasiye, amene akuti anagulitsa mazira zaka makumi atatu kuti amange mlatho wamiyala pamene mwamuna wake anamira. Panali Mlatho wa Amalonda a Mchere, amene mabwato awo analemeretsa tauni, mpaka njanji itadzera kwina, chuma n'kuwathawa, milatho yokha n'kutsala. Sunkaoloka usanamve mbiri yake. Amayi obwera kudzagula mpiru wa matambala asanu ankalolera kupinda chitenje n'kudutsa m'madzi.

"Mayi, mwalambalala mlatho!"

"Tinaumva dzana, a Kwenda. Mwamuna uja anamira kale."

"Koma simunamve za apongozi ake!"

Amene sankatopa anali ana a sukulu. A Gideoni ndi Lenia sanadalitsidwe ndi mwana, choncho ana a mudzi wonse anali awo. Lachisanu akaweruka ankathamangira kudambo, n'kukhala ndandanda pakhoma la dothi, miyendo ili m'madzi, a Gideoni akujambula pansi ndi kamtengo. Zotsatira zake zinaoneka pamayeso. Chaka china funso linati, tchulani zinthu zitatu zimene alimi a ku Dowa amagulitsa. Theka la Sitandade 5 linalemba kuti mazira a abakha, nkhanu ndi mphasa. Aphunzitsi anachonga kuti alakwa, koma dzanja linali lolemera, chifukwa kalembedwe kake kanali kolondola ndipo ena anawonjezera mapu.

Kenaka kunabwera bwato. A Gideoni ankati tauni ya pamadzi yopanda bwato ndi dimba chabe. Anapita ku Madisi kwa kalipentala wina, Danieli, amene bwato anali asanalionepo chibadwire. Ntchito yake inali zitseko, mabenchi ndi mabokosi a maliro. Anamujambulira pansi, Danieli anagwedeza mutu, n'kukhoma chimene manja ake ankachidziwa. Tsiku limene chinabwera pangolo, chopakidwa phula lakuda, amayi m'njira monse ankapatuka n'kugwada, abambo akuvula zipewa. Pofika kwa Mtalanje, pambuyo pa ngolo panali anthu khumi ndi awiri amene ankangotsatira kuti adzamve kuti wamwalira ndani.

Bwatolo linayandama ndithu. A Gideoni anaimirira kumbuyo ndi nsungwi, n'kuitana.

"Alamu, mwini malo ndinu. Kwerani poyamba."

"Ine m'bokosi ndidzalowa kamodzi," anatero a Yeremiya, "ndipo adzachita kundinyamula."

Amene anakwera anali Lenia, atagwira m'mbali ndi manja onse, akunena kuti akamira adzawadzukira. Apo m'pamene zinadziwika kuti bwatolo linali lalitali kuposa kukula kwa ngalande, moti silikanatha kukhota. Linkapita chamtsogolo n'kubwerera chambuyo. Mtunda wonse unali mapazi makumi anayi, ndipo mwana wokwawa akanayamba kufika podzera pamilatho. Koma kuyambira tsiku limenelo a Gideoni sanapitenso pachilumba chomaliza wapansi. Ankati si ulemu.

Lenia ndiye ankasenza ndiwo kupita nazo kumsika ku Madisi. Anzake akamufunsa kuti amakhala bwanji ndi mwamuna wolongolola chonchija, ankayankha kuti, "Zimene amanena sindizimva, koma anyezi wake ndimamumva." Anakangana kwambiri kamodzi kokha, tsiku limene anapeza chitini cha mchere chili mbee.

"A Kwenda, mchere wanga uli kuti?"

"Uli pa ntchito, Nankhoma."

"Ntchito yanji yoposa ndiwo?"

Anali atausakaniza ndi matope ndi phulusa, n'kumata mazira a abakha makumi atatu, n'kuwatsekera mumtsuko. Anati akhale masiku makumi anayi, monga amachitira kwa a Sheni. Lenia anati akhale masiku makumi anayi ndi mwini wake yemwe, kunja. Tsiku lotsegula linakumana ndi ulendo wa akulu a mpingo oyendera mabanja. A Gideoni anawiritsa mazira aja, n'kuwadula pakati. M'kati munali mofiira ngati dzuwa, mukuchucha mafuta. Mkulu wa mpingo wachikulire anayang'ana nthawi yaitali.

"Pepani, a Kwenda. Bakha ameneyu poikira dzirali anali bwinobwino?"

"Lawani, abambo."

"Tiyeni tiyambe tapemphera kachiwiri."

Analawa ndi nsonga ya chala. Kenaka anadya theka. Pochoka anali atamaliza anayi, ndipo lachisanu linalowa m'thumba la jekete pamodzi ndi buku la nyimbo. Chaka chisanathe, anamwino ndi aphunzitsi a ku Madisi anali akuitanitsa mazira a ku Tchaina, ndipo Lenia anali kugula mchere wa thumba lathunthu, uku akuuza aliyense kuti nzeruyo inali yake.

Apa m'pamene a Yeremiya anayamba kuona dambo lija ndi maso ena. Nazale ya fodya imafuna madzi mu Seputembala, nthawi imene zitsime za m'mapiri zimaphwa. Iwo ankatunga madzi kutali ndi ngolo, pamene kumunsi kwa nyumba yawo yomwe abakha a mkamwini ankasambira. Ndiye Seputembala aliyense ankatsika, manja ali kumbuyo.

"Alamu, masewera aja akwana. Tigumule khomali, madzi atsike, pano ndifese fodya. Fodya ndiye ulimi."

"Kwa a Sheni kunabweranso mkulu wina wofuna kuumitsa dambo, m'chaka cha..."

"Sindinabwerere mbiri!"

Lenia ankatulukira ndi dengu pamutu. "Achimwene, munapereka nokha pamaso pa anthu. Ine ndikadali moyo, khomali simuligumula."

"Ukadali moyo," ankatero a Yeremiya, n'kubwerera.

Mawuwo ankanenedwa mwanthabwala, ndipo onse ankaseka. A Gideoni nawonso ankaseka, koma ankawamva. Ankadziwa kuti tauni yawo yonse, ndi milatho yake, inaima pa mpweya wa mkazi mmodzi.

Chaka china kunabwera vuto la mtundu wina. Masiku amenewo kutamanda dziko la eni poyera sikunali kwanzeru. Tsiku lina masana kunafika wapampando wa nthambi ya chipani ndi anzake awiri. Anaima pa Mlatho wa Mkazi Wamasiye, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu anaima pamenepo osamva mbiri yake.

"A Kwenda, tamva kuti mukuuza anthu, ndi ana omwe, kuti kuli dziko loposa lino."

"Sindinati loposa, apampando. Ndinati lonyowa kuposa."

"Tchaina yake iti? Ya ku Taiwani, abwenzi a boma lathu, kapena inayo?"

Anthu amene anali atayamba kusonkhana anazizidwa. Tauni ya a Sheni inali ku inayo, ndipo aliyense ankadziwa kuti a Gideoni akhoza kunama pa china chilichonse, koma osati pa za kwa a Sheni. Anakonza kukhosi, n'kutola kamtengo kuti ajambule mapu. Kamtengoko kasanafike pansi, a Yeremiya anali atakaponda.

"Apampando, Tchaina yake ndi iyi mwaimapoyi. Kulibenso ina. Mlamu wangayu anadwala malungo a kuchigwa, anamukwera m'mutu. A Sheni amene amawanenawo palibe anawaonapo. Taonani icho." Analoza bwato. "Munthu walungalunga angakhale ndi chinthu chimenecho paphiri?"

Wapampando anayang'ana bwatolo. A Yeremiya anauza a Gideoni kuti akwere, aonetse alendo. Anakwera, anapita chamtsogolo, anabwerera chambuyo, nkhope ili yolemekezeka ngati woyendetsa sitima. Mmodzi mwa alendowo anatembenuka n'kuyamba kutsokomola. Wapampando anati nkhaniyo ndi ya kuchipatala osati ya chipani, ndipo anabwerera bakha ali m'khwapa.

A Gideoni anakhala mwezi wathunthu osayankhula ndi mlamu wawo. Za misala sanadandaule nazo. Mwezi utatha anatulutsa chimene chinawapweteka.

"Alamu, munati kwa a Sheni kulibe."

"Ndinakupulumutsani, munthu inu!"

"Munafafaniza anthu zikwi makumi atatu ndi pakamwa pokha. Ndi amayi awo a a Sheni omwe."

"Akanakutengani, bwenzi pano mukujambula milatho yanuyo pansi pa ndende."

"Nanga si bwenzi dambo mutatenga? Munandiikiranji kumbuyo?"

A Yeremiya anakanda m'mutu. "Ndikufuna ndidzalitenge ndi manja anga, inu mukuona. Osati kuchita kundipatsa anthu obwera."

M'nyengo yozizira ya 1983, Lenia anadwala chibayo. Anagona sabata imodzi yokha. Anamuika m'manda a kwawo, pansi pa mitengo ya misuku.

Mwambo unali wodziwika kwa aliyense. Mkazi akamwalira, akuchikazi amaitana abale a mwamuna, amamusudzula, ndiko kumumasula ku ukwatiwo, ndipo iye amatenga khasu lake ndi zovala zake n'kubwerera kwawo. Amene ali ndi ana pamudzi nthawi zina amamuleka. A Gideoni analibe. Sanadikire kuuzidwa. Anapinda malaya awo atatu, jekete ndi Baibulo, n'kuika m'sutikesi, n'kuikhazika pafupi ndi chitseko.

Ndipo anakhala chete. Ankatsikira kudambo, n'kuyenda pamilatho umodziumodzi, akugwira mitengo yake. Kwa Chezi kunali kwawo ndithu, koma kunali miyala ndi mtunda, ndipo ambiri amene ankawadziwa anali atatha. Zaka zonsezo ankayesa kuti a Sheni ankajambula pansi pofuna kuphunzitsa wophika. Tsopano anazindikira kuti bamboyo ankangofuna kuona kwawo, ngakhale pafumbi. Anthu ankawapatsa moni n'kuima dala, kudikira. Mayi wina anachita kuwaputa.

"A Kwenda, paja apongozi ake a mkazi wamasiye uja anatani?"

"Mpiru uli apo, mayi. Thyolani nokha."

Mayiyo anabwerera akupukuta m'maso ndi chitenje.

Tsiku losudzula linafika. Abale atatu a kwa Chezi anakhala pamphasa, a Gideoni pambali pawo, sutikesi ili pamiyendo. A Yeremiya anaimirira, nkhope ili gwa.

"Mwambo ndi mwambo. Mkamwiniyu apite kwawo. Dambo lija ndalidikira nthawi yaitali." Anayang'ana kudambo. "Koma osati mwezi uno. Abakha akufungatira. Awasamale ndani? Ine? Ndikalumidwe ndi bakha pa ukalamba wanga? Mudzabwere mvula ikatha."

Mvula itatha anabweradi. A Yeremiya anawatengera kudambo.

"Taonani ngalandezi, zadzaza matope. Munthu asiye uve wotere kuti ndivutike nawo ndine? Ayambe watapa. Mudzabwere chaka chamawa."

Chaka chachitatu a kwa Chezi anapeza a Yeremiya kulibe. Akazi awo anati apita ku Mponela, ngakhale kuti m'chigafa cha fodya munkamveka munthu akuyetsemula. Chaka chachinayi anati tsiku limene anagwirizana silinali limenelo, ndipo sangasudzule munthu pa tsiku lolakwika. Chaka chachisanu a kwa Chezi anatumiza uthenga woti nsapato zawo zatha.

Mawu a a Gideoni anabwerera pang'onopang'ono, kuyambira ndi ana a Lachisanu. Koma sutikesi sanaimasule. Ankatulutsa malaya, kuvala, kuchapa, n'kubwezeramo. Ndipo Seputembala aliyense a Yeremiya ankatsikabe, tsopano ndi ndodo.

"Chaka chino chokha, alamu. Chamawa mukupita."

"Ndamva, alamu."

"Musayese ngati ndaiwala."

"Sindingayese choncho. Khalani pansi, mazira apsa."

Ankakhala pakhoma lomwe ankafuna kuligumulalo, akudya dzira la mchere, akunena kuti ndi loipa.

A Gideoni anamwalira mu Ogasiti wa 1989, m'nyengo yotapa matope. Amayi obwera kudzagula ndiwo anawapeza masana atakhala pachilumba chachitatu, atatsamira mulu wa matope atsopano, chotapira chili pamiyendo. Ngalande zinayi zinali zoyera, zitatu zinali zisanatapidwe.

A kwa Chezi anabwera ndi ngolo kudzatenga thupi, poti mkamwini amakagona kwawo. A Yeremiya anawachingamira panjira, ndodo ili m'manja.

"Mukutenga ndani?"

"M'bale wathu."

"Munamusudzula liti? Ndani anaona? Ine sindinasudzule munthu. Ameneyu ndi mwamuna wa mlongo wanga mpaka lero, ndipo akagona pambali pa mkazi wake."

"Koma a Nkhoma, mwambo..."

"Mwambowo ndi umene ndikunenawu. Masulani ng'ombezo zimwe madzi. Madzi tili nawo."

Anawaika pansi pa misuku. Sukulu inatsekedwa tsiku limenelo popanda amene analamula.

Tsono dambo linabwerera kwa a Yeremiya, lonse, ndi achule omwe. Khoma sanaligumule. Fodya sanafesepo. Chaka choyamba anayesa kutapa matope okha, koma msana unakana pa tsiku lachiwiri, ndipo achinyamata amene akanathandiza anali atapita ku maesiteti a ku Kasungu. Palibe amene anawononga kanthu. Mvula ya zaka zitatu inakwana. Ngalande zinatsekeka, tizilumba tinagwirana, milatho inadyedwa ndi chiswe, abakha anatha mmodzimmodzi pa Khirisimasi. Bango linabwerera pamalo pake ngati silinachokepo.

Mudzi ulipo, ndipo anthu akulima fodya monga kale. Koma wachepa. Kale munthu wa kwa Mtalanje, ngakhale sanafikepo ku Lilongwe, ankadziwa kuti kutsidya kwa dziko kuli anthu amene amagula mchere ali m'bwato, ndipo ankawaganizira ngati achibale okhala patali. Lero mapiri akuoneka ngati ndi pamene dziko lathera.

Chaka chatha kusukulu kunabwera mphunzitsi watsopano, mayi Faines, wochokera ku Ntchisi. Anamva amayi akuuzana kuti akupita ku Tchaina kukadula bango, ndipo anafunsa kuti dzinalo linabwera bwanji. Anamutumiza kwa a Yeremiya. Mkuluyo anadzuka ndi ndodo yake, n'kumutsogolera mpaka pakhoma la dothi.

"Apa, aphunzitsi, panali tauni. Musaseke. Apo panali Mlatho wa Mkazi Wamasiye. Anagulitsa mazira zaka makumi atatu. Apo panali wa Amalonda a Mchere. Wachitatu unali wa... wa Asodzi Awiri, eya, amene anakangana mpaka kukalamba. Wachinayi..."

Analoza ndi ndodo pakati pa bango. Ndodo inakhala m'mwamba.

"Wachinayi unali pompo. Unali ndi mbiri yaitali, ya munthu wina ndi belu. Kapena belu linali la wachisanu." Anamenya ndodo pansi. "Zaka makumi awiri munthu akundilongololera m'khutu, ine osamvetsera! Ndinkayesa adzanenanso mawa."

"Musadzivute, agogo. Tidzabweranso tsiku lina."

"Ayi, musapite. Ndiukumbukira pompano."

Mphunzitsiyo anakhala pansi pakhoma paja, n'kudikira.